Dziko la Zipata: Mmene Misewu ya Apalestina Inatsekedwera

Akuluakulu a ku Gaza amene anali anyamata m'zaka za m'ma 1970 akamasimba za maulendo awo, adzukulu amamvetsera ngati akumva nthano. Munthu ankadzuka m'mawa, kuliza galimoto, kudutsa m'kati mwa Israel, n'kukadya nkhomaliro kwa achibale ku Nablus kapena ku Hebron. Wofuna kukapemphera ku mzikiti wa Al-Aqsa ku Jerusalem ankangokwera basi. Panalibe kulemba kalata yopempha, panalibe kudikira yankho. Lero mnyamata wa ku Bethlehem sangaponde ku Jerusalem popanda chilolezo cha asilikali, chonsecho mizinda iwiriyi yatalikirana makilomita 10 okha.

Pasakhale kunamizana, masiku akalewo sunali ufulu. Israel inalanda maderawa pa nkhondo ya mu Juni 1967, ndipo nthawi yomweyo asilikali analengeza kuti West Bank ndi Gaza ndi malo otsekedwa, wotuluka ndi wolowa ayenera kupempha. Mu 1972 ndi pamene anatulutsa chilolezo chimodzi chokhudza anthu onse, chowalola kulowa mu Israel komanso kuyenda pakati pa Gaza ndi West Bank, bola asapezeke m'dzikomo pakati pa 1 koloko usiku ndi 5 koloko m'mawa. Nduna ya zachitetezo, Moshe Dayan, inkawerengera kuti munthu amene ali ndi ntchito saukira, ndipo makampani omanga nyumba ndi eni minda ankafuna antchito otchipa. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1980, Apalestina oposa 100,000 ankagwira ntchito mu Israel. Koma lamulo lotseka lija silinafafanizidwe. Linangogonekedwa pambali, ndipo chimene chinaperekedwa ngati chisomo chinkatha kulandidwa tsiku lililonse.

Mizu ya mchitidwewu inazika kale, Angelezi akadalamulira Palestine. Mu 1945 iwo anakhazikitsa malamulo a nthawi ya chipwirikiti, opatsa mkulu wa asilikali mphamvu yotseka dera lililonse, kuletsa anthu kutuluka m'nyumba ndi kutsekera munthu popanda kumuzenga mlandu. Maloya achiyuda anawadzudzula kwambiri malamulowa, pakuti ankapweteka Ayuda omwe. Dziko la Israel litabadwa mu 1948 silinawataye. Linawagwiritsa ntchito pa Apalestina pafupifupi 150,000 amene anatsala m'malire ake, moti mpaka 1966 mlimi wa ku Galilee ankayenera kutenga chiphaso ku ofesi ya asilikali kuti akagulitse mbewu kumzinda wina kapena kukafuna ntchito.

Zimene lamulo lotere lingachite zinaoneka m'mudzi wa Kafr Qasim pa 29 Okutobala 1956, tsiku limene nkhondo ya Suez inayamba. Madzulo a tsikulo nyakwawa ya mudziwo inauzidwa kuti pofika 5 koloko aliyense akhale ali m'nyumba. Kunali kutatsala theka la ola, ndipo anthu ambiri anali kuminda ndi kuntchito. Pobwerera kwawo, ena pa njinga, ena pa ngolo, ena pa malole, anakumana ndi apolisi a m'malire polowera m'mudzi. Anthu 48 anaphedwa, amayi ndi ana omwe. Owombera aja anapezeka olakwa kukhoti koma sanakhalitse m'ndende, ndipo mkulu wa asilikali wa deralo, Issachar Shadmi, analipitsidwa kandalama kamodzi kachitsulo.

Chisomo cha 1972 chija chinayamba kutha ndi kuukira koyamba kwa Apalestina, Intifada ya mu Disembala 1987, pamene anthu ankanyanyala ntchito, kutseka masitolo, ana n'kumagenda asilikali. Mu 1989 antchito a ku Gaza anauzidwa kuti azikhala ndi kakhadi kapadera kowerengedwa ndi makina, ndipo amene anakhalapo m'ndende sanapatsidwe. Mu Januwale 1991, nkhondo ya ku Gulf ili m'kati, chilolezo cha anthu onse chija chinathetsedwa. Apa ndi pamene zinthu zinatembenuka. Kale aliyense anali wololedwa kupatula oletsedwa, tsopano aliyense anakhala woletsedwa kupatula amene wapatsidwa pepala lake. Mu Malichi 1993, Aisraeli angapo ataphedwa pa ziwembu, boma linatseka maderawa mpaka tsiku limene lidzalengezenso, n'kuika marodibuloko m'misewu yolowera mu Israel ndi mu Jerusalem. Tsiku lolengezanso lija silinafike.

Chodabwitsa n'chakuti zipata zinachuluka m'zaka zomwezo zimene dziko lapansi linkaimbira mtendere m'manja. Mtsogoleri wa Israel, Yitzhak Rabin, ndi mtsogoleri wa Apalestina, Yasser Arafat, anagwirana chanza ku Washington mu Seputembala 1993, ndipo mapangano a Oslo ananena kuti West Bank ndi Gaza ndi dera limodzi. Koma pangano la 1995 linagawa West Bank patatu. Madera A ndi B, kumene kuli mizinda ndi midzi yambiri ya Apalestina, anasanduka tizilumba toposa 160, tozunguliridwa ndi dera C, lomwe ndi 60 peresenti ya malo onse ndipo lili m'manja mwa Israel. Wochoka pa chilumba china kupita pa chinzake amayenera kudutsa m'dera la asilikali. Gaza inayamba kuzingidwa ndi mpanda mu 1994. Bwalo la ndege la ku Gaza, lotsegulidwa ndi chimwemwe mu 1998, linangogwira ntchito zaka zochepa asilikali asanakumbe msewu wake wotera ndege.

Zinthu zinafika pa mwana wakana phala kuukira kwachiwiri kutabuka mu Seputembala 2000. Apa chifukwa chimene Israel imapereka chiyenera kumveka bwino, pakuti si chongopeka. Mabomba a anthu odzipha ankaphulika m'mabasi ndi m'malo odyera. Pa 27 Malichi 2002 anthu 30 anaphedwa mu hotela ina ku Netanya akudya chakudya cha Pasika. Mu Malichi 2004 asilikali a pa rodibuloko ya Huwwara anagwira mnyamata wachichepere atavala lamba wa mabomba, ndipo mu 2005 mayi wina amene anali ndi chilolezo chopita kuchipatala anapezeka ndi mabomba pa chipata cha Erez, chotulukira ku Gaza. M'zaka zimenezo munafa Aisraeli pafupifupi 1,000 ndi Apalestina oposa 3,000. Kwa kholo la ku Tel Aviv limene mwana wake ankakwera basi tsiku ndi tsiku, rodibuloko inali chitetezo.

Funso limene lakhala likuvuta ndi la malo amene zotchingazo zinaikidwa. Zambiri sizinali m'malire a Israel ayi. Zinali m'kati mwa West Bank, pakati pa mudzi wa Apalestina ndi mzinda wa Apalestina, kawirikawiri pafupi ndi midzi imene Aisraeli anamanga m'dera lolandidwa ndi misewu yopita kumidziyo. Banki Yaikulu ya Dziko Lonse inanena mosabisa mu 2007 kuti zoletsazi zimathandizanso kuteteza ndi kukulitsa midzi imeneyi. Ndipo si zonse zinali ndi msilikali. Kwina katapila ankangounjika dothi pakati pa msewu, kwina zimiyala za simenti, kwina ngalande, kwina geti lachitsulo lokhala ndi loko. Mulu wa dothi sungauchonderere, sungauonetse kalata ya dokotala. Kuyambira 2001 mpaka 2003 msewu wa pakati pa Ramallah ndi Birzeit unadulidwa pa Surda, moti ophunzira ndi aphunzitsi a pa yunivesite ya Birzeit, pamodzi ndi okalamba ndi odwala a m'midzi yozungulira, ankatsika galimoto, kuyenda pansi mtunda wautali padzuwa kapena m'matope, n'kukakwera ina kutsidya. Mzinda wa Nablus unazingidwa zaka zingapo, ndipo nthawi zina amuna a zaka za pakati pa 16 ndi 35 sankaloledwa kutulukamo.

Mu 2002 munayamba kumangidwa mpanda waukulu. M'mizinda ndi khoma la simenti lotalika mamita 8, m'madera ena ndi waya wokhala ndi zida zozindikira wougwira, ngalande ndi msewu wa asilikali. Mapulani ake ndi a makilomita oposa 700, kuwirikiza kawiri kutalika kwa malire a 1949 a pakati pa Israel ndi West Bank, chifukwa umakhotakhota, ndipo pafupifupi 85 peresenti ya njira yake ili m'kati mwa West Bank. Mzinda wa Qalqilya unazingidwa pafupifupi mbali zonse. Alimi a ku Jayyus anadzuka n'kupeza minda ndi zitsime zawo zili kuseri kwa waya, kofikako ndi chilolezo, kudzera pa geti lotsegulidwa kanthawi kochepa patsiku. Khoti la dziko lonse la ku The Hague linanena pa 9 Julayi 2004 kuti kumanga mpandawu m'dera lolandidwa n'kuphwanya malamulo. Israel inayankha kuti ziwembu za mabomba zatsika kwambiri, n'kupitiriza kumanga.

Mpanda utaima, marodibuloko a m'malire anasintha nkhope. Matumba a mchenga ndi msilikali woima pamsewu zinalowedwa m'malo ndi zinyumba zikuluzikulu ngati Qalandiya pakati pa Ramallah ndi Jerusalem, Checkpoint 300 ku Bethlehem, Eyal pafupi ndi Qalqilya. Wofuna kudziwa chimene malowa amachita ndi thupi la munthu aganizire za Checkpoint 300 m'zaka za m'ma 2010. Omanga nyumba ndi aganyu ochokera m'midzi ya kummwera ankafika 3 koloko usiku, ena isanakwane, thumba la kamba lili m'manja. Kunja ogulitsa khofi ndi buledi anali atayatsa kale nyali. Mzere unkalowa m'kanjira kopapatiza kotchingidwa ndi zitsulo mbali zonse, amuna mazanamazana atapanikizana chifuwa pamsana wa mnzake. Achinyamata othamangira nthawi ankakwera m'zitsulo n'kumadutsa pamwamba pa mitu ya anzawo. Kumapeto kwa kanjirako kunali chitseko chozungulira cha mipiringidzo, chimene msilikali wokhala kuseri kwa galasi ankachitsegula ndi kuchitseka podina batani. Chinkalowetsa anthu ochepa n'kuima mwadzidzidzi, wina n'kutsekeredwa pakati pa mipiringidzo, akum'mbuyo akukankhabe. Ukadutsa apo, vula lamba, khuthula m'matumba, dutsa pa makina, onetsa chitupa ndi chilolezo, dinda chala. Mawu a msilikali ankamvekera pa chimkuzamawu, nkhope yake osaioneka bwino.

Katswiri wa zomangamanga wa ku Israel, Eyal Weizman, analemba m'buku lake la Hollow Land kuti mipiringidzo ya zitseko zotere mu Israel imatalika masentimita 75 mpaka 90, koma za m'madera olandidwa anazifupikitsa kufika pa 55 kuti zizimupana munthu. Mayi woyembekezera, munthu wonenepa, kholo lonyamula mwana, onse amalowa momwemo. Kukomoka ndi kuthyoka nthiti zinkamveka kawirikawiri, ndipo mu 2014 amuna awiri anafa pa mpanipani wa pa chipata cha pafupi ndi Tulkarm. Mu 2019 zipata zina zinakonzedwanso n'kuikidwa makina ozindikira nkhope, ndipo kwa amene anali ndi mapepala okwanira kudikira kunachepadi. Amene analibe mapepala anatsala pomwe anali.

Wantchito wodzuka 2 koloko usiku n'kubwerera kwawo kutada amapeza ana atagona, amawasiyanso akugona. Amakwera pamwamba pa nyumba yosatha ali ndi tulo m'maso. Ambiri ankagula chilolezocho kwa madobadoba, ndipo kafukufuku wa Bank of Israel wa mu 2019 anapeza kuti antchito pafupifupi 20,000 ankalipira mashekele pafupifupi 2,000 pamwezi kuti angokhala nalo pepalalo.

Koma palibe amene thupi lake limadana ndi kudikira kuposa mayi amene matenda ake ayamba. Malinga ndi ziwerengero za unduna wa zaumoyo wa Palestine, zimene zinalowanso mu lipoti la United Nations, amayi 69 anachira pa marodibuloko m'zaka zoyambirira za m'ma 2000. Ana 35 anamwalira, ndipo amayi 5 anatsikira kulichete. Ena anachirira m'galimoto, ena pansi m'mbali mwa msewu, achibale atawatchinga ndi nsalu. Chiwerengerochi chimangonena za amene anafika pa rodibuloko. Sichiwerenga ambirimbiri amene anasintha moyo wawo chifukwa cha mantha: osamukira kwa achibale a m'tauni kutatsala milungu ingapo, opempha dokotala kuti awachititse opaleshoni kapena awayambitsire matenda tsiku lisanakwane bola msewu uli wotsegula, ndi obwerera kwa azamba a m'mudzi. Kuchirira kunyumba, kumene kunali kutachepa kwambiri chisanafike chaka cha 2000, kunakweranso m'zaka zotsekerezazo.

Zipatala zikuluzikulu za Apalestina zili kum'mawa kwa Jerusalem, kuseri kwa khoma. Kuli Makassed, kuli chipatala cha maso cha St John, kuli Augusta Victoria pa phiri la Olives, choyendetsedwa ndi bungwe la mipingo ya Lutheran, komwe odwala khansa a ku West Bank ndi Gaza akhala akudalira pofuna chithandizo chowotcha chotupa ndi makina. Wodwala amafunika chilolezo, womudikirira chilolezo, namwino wochokera ku West Bank nayenso chilolezo. Ambulansi ya Apalestina kawirikawiri siloledwa kudutsa. Imaima cham'mbuyo pa chipata, ina ya nambala ya ku Israel n'kuima cham'mbuyo kutsidya, wodwala n'kutulutsidwa pa machira kuchoka m'galimoto ina kulowa m'inzake, kaya kuli dzuwa kaya mvula, botolo la madzi a m'mitsempha lili m'manja mwa womuthandiza. Kwa munthu wodwala mtima kapena wovulala m'mutu, mphindi zimenezo si zosewera nazo.

Ku Gaza chipata cha anthu chinali chimodzi cholowera ku Israel, Erez, ndipo chinathina kwambiri gulu la Hamas litatenga ulamuliro mu Juni 2007, Israel ndi Egypt n'kutseka malire. Bungwe la zaumoyo la WHO linkawerenga makalata a odwala opempha kutuluka. Mu 2012 makalata oposa 90 mwa 100 alionse ankavomerezedwa. Mu 2017 anatsika kufika pa 54, ndipo m'chaka chomwecho anthu 54 anamwalira akudikira yankho, ambiri a iwo odwala khansa. Ambiri sanakanizidwe n'komwe. Ankangouzidwa kuti pempho lawo likuunikidwa, tsiku loonana ndi dokotala n'kudutsa, n'kuyambiranso. Ana ena odwala ankatuluka ndi agogo kapena munthu wongowachitira chifundo, chifukwa mayi ndi bambo sanapatsidwe chilolezo.

Kuseri kwa chipata chilichonse kuli ofesi, ndipo mphamvu yeniyeni ili kumeneko. Nyuzipepala ya Haaretz inawerenga mitundu 101 ya zilolezo mu 2011: cha wantchito, cha wamalonda, cha wodwala, cha wopita kumaliro, cha wopita kuukwati, cha mlimi wopita kumunda wake womwe. Mtundu wa chitupa umanena dera limene ungayendemo, chabuluu cha wokhala ku Jerusalem, chobiriwira cha wa ku West Bank, ndipo nambala ya galimoto, yachikasu kapena yoyera, imanena msewu umene ungadutse. Banja limene mwamuna ali ndi chitupa china, mkazi china, limatha zaka likufunafuna pokhalira limodzi. Yael Berda, loya wa ku Israel amene ankaimira anthu okanizidwa zilolezo asanakhale mphunzitsi wa pa yunivesite, anafotokoza m'buku la Living Emergency mmene munthu amalembedwera kuti ndi woopsa popanda kuuzidwa chifukwa, moti alibe chimene angatsutse. Bungwe la madokotala la Physicians for Human Rights–Israel linalemba mu 2008 za odwala a ku Gaza amene ankaitanidwa ndi azachitetezo pa Erez n'kuuzidwa kuti aulule za anansi awo ngati akufuna kudutsa. Zotere zimabala chikayikiro m'mudzi. Amene wapeza chilolezo mosavuta, anzake amamuyang'ana ndi diso lina.

Rodibuloko yodziwika ola lake lotsegula ndi lotseka munthu angathe kuizolowera. Chimene chimamudya munthu ndi kusadziwa. Msewu umene dzulo unatenga mphindi 20, lero utenga maola atatu, mawa ukhala wotseka, ndipo palibe wolengeza chifukwa. Pali ndi marodibuloko ongobuka, galimoto ya asilikali n'kungoima mopingasa msewu kwa ola limodzi kapena tsiku lonse. Choncho Mpalestina asanatuluke m'nyumba amayamba wafunsa za njira. Mawayilesi amalengeza za marodibuloko m'mawa, ndipo pa WhatsApp ndi Telegram pali magulu a anthu zikwizikwi ongouzana kuti uku kwatseguka, uku kuli mzere, uku musayerekeze. Wophunzira amene ali ndi mayeso amagona pafupi ndi sukulu. Kholo limaganiza kawiri mwana wamkazi akafunsiridwa ndi mnyamata wa kuseri kwa chipata. Bungwe lofufuza la ARIJ la ku Bethlehem linawerengera mu 2019 kuti Apalestina amataya maola ogwira ntchito pafupifupi 60 miliyoni pachaka chifukwa cha zotchingazi. Munthu amene sangathe kulonjeza mnzake kuti afika nthawi yakuti amakhala mtima uli m'mwamba tsiku lonse, ndipo pang'onopang'ono amaleka maulendo ena, dziko lake n'kumachepa.

Pamwamba pa kusadziwa pali manyazi. M'zaka za Intifada yachiwiri amuna ankalamulidwa kuima patali n'kukweza malaya kuti aonetse kuti pamimba palibe bomba. Bambo wa imvi zake ankakalipiridwa ndi msilikali wa zaka 19, ana ake akuona, iye n'kungoti chete chifukwa kuyankha n'kutaya tsiku lonse kapena chilolezo chimene chimadyetsa banja. Mu Novembala 2004, pa rodibuloko ya Beit Iba pafupi ndi Nablus, mnyamata wina anajambulidwa akuliza vayolini pamaso pa asilikali, anthu ali pamzere kum'mbuyo kwake. Akuluakulu a asilikali anati anangomuuza kuti atsegule bokosi la choimbiracho. Chithunzicho chinawagwedeza Aisraeli ambiri, chifukwa chinawakumbutsa za Ayuda amene ankaimbitsidwa m'misasa ya Nazi.

Kodi manyazi amadwalitsa? Rita Giacaman ndi anzake a pa yunivesite ya Birzeit anafunsa ophunzira 3,415 a m'masukulu a sekondale a m'boma la Ramallah, ndipo zotsatira zake zinasindikizidwa mu 2007. Anapeza kuti achinyamata amene ananyazitsidwapo ankadandaula kwambiri za kusapeza bwino m'thupi ndi m'maganizo, ngakhale atachotsapo zotsatira za nkhanza zina zimene anakumana nazo. Kunyozedwa pakokha kumasiya chipsera chimene dokotala sangachione ndi maso. Mkwiyo umene bambo anaumeza pa chipata suthera pomwepo, ndipo alangizi a mabanja kumeneko amadziwa kumene umakaphulikira.

Samah Jabr, dokotala wa matenda a maganizo wa ku Jerusalem amene anatsogolera nthambi ya zamaganizo mu unduna wa zaumoyo wa Palestine, wakhala akutsutsa chizolowezi chowayeza Apalestina ndi muyeso wa msilikali amene wabwerera kwawo nkhondo itatha, amene amanjenjemera ndi zinthu zoti zinapita kale. Mfundo yake n'njakuti kumeneko zoopsazo sizinapite. Amene akuopa chipata m'mawa uno akuopa chinthu chimene chilipodi, ndipo akumana nachonso mawa. Kumupatsa mapiritsi kungamuthandize kugona, koma gwero la mantha ake lili pamsewu. Kafukufuku wa Banki Yaikulu ya Dziko Lonse wochitika mu 2022, nkhondo yaikulu ya ku Gaza isanayambe, anapeza kuti akuluakulu 58 mwa 100 alionse anali ndi zizindikiro za matenda okhumudwa: 50 ku West Bank, 71 ku Gaza.

Ku Hebron zonsezi zaunjikana m'misewu yochepa. Mu Febuluwale 1994 Mwisraeli wina, Baruch Goldstein, anapha Asilamu 29 akupemphera mu mzikiti wa Ibrahimi, pamalo amene Ayuda, Akhristu ndi Asilamu amakhulupirira kuti pali manda a Abrahamu. Zitatero, amene anatsekeredwa ndi a mtundu wa ophedwawo. Msewu wa Shuhada, mtima wa malonda a mzindawo, unatsekedwa ku magalimoto a Apalestina, ndipo kuyambira 2000 ngakhale kuyendamo pansi kunaletsedwa m'mbali yaikulu, pofuna kuteteza Aisraeli mazana angapo okhala pakati pa mzinda. Zitseko zina zoyang'ana kumsewu zinawotcheredwa, eni nyumba n'kumalowera padenga la anansi. Mabungwe a ku Israel oona za ufulu wa anthu, B'Tselem ndi ACRI, anawerenga mu 2007 masitolo 1,829 otsekedwa ndi nyumba 1,014 zosiyidwa. Mu 2015 anthu a ku Tel Rumeida analembedwa m'kaundula n'kupatsidwa manambala oti azitchula pa chipata popita kwawo. Mu 2023 Amnesty International inalemba za makamera a pa zipata za m'deralo, otchedwa Red Wolf, amene amajambula nkhope ya wodutsa n'kuisunga iye osafunsidwa.

Woima mbali inayo naye satuluka wosakhudzidwa. Bungwe la Breaking the Silence linayambitsidwa mu 2004 ndi asilikali amene anatumikira ku Hebron, ndipo maumboni amene lasonkhanitsa amanena za kutopa, kunyong'onyeka, mantha, ndi mmene mnyamata wongomaliza sukulu amazolowerera kuimika anthu mazana ndi chala chimodzi. Kuyambira 2001 amayi achiisraeli a gulu la Machsom Watch, ambiri a iwo achikulire, akhala akuima pa zipata ndi kope ndi cholembera, kulemba zimene akuona ndi kuimbira foni akuluakulu a asilikali wodwala akaimitsidwa. Zambiri zimene dziko likudziwa za moyo wa pamzere zinachokera m'makope awo.

Kwa anthu a kummwera kwa Africa nkhani ya pepala loyendera si yachilendo. Agogo amene anapita kumigodi ya ku South Africa pa Wenela, kapena kumafamu a ku Southern Rhodesia, ankadziwa kuti kugwidwa wopanda chitupa n'kugona m'chitokosi. Desmond Tutu analemba mu 2002 kuti kunyazitsidwa kwa Apalestina pa marodibuloko kunamukumbutsa zimene apolisi achizungu achinyamata ankachitira anthu akuda kwawo. Boma la Israel limakana kufanizira kumeneku ndi mphamvu zonse, likunena kuti zoletsazo zinabwera chifukwa cha ziwembu osati chifukwa cha mtundu wa munthu. B'Tselem ndi Human Rights Watch mu 2021, kenako Amnesty International mu 2022, anagamula kuti ndi tsankho la mtundu wa apartheid. Malamulo a mapasi ku South Africa anathetsedwa mu 1986, patatsala zaka zisanu kuti Mpalestina aliyense ayambe kufunsidwa lake.

Pa 7 Okutobala 2023 zigawenga za Hamas zinathyola mpanda wa Gaza, kuwononga chipata cha Erez, kupha anthu pafupifupi 1,200 mu Israel ndi kugwira ena pafupifupi 250. Nkhondo imene inatsatira yapha anthu oposa 60,000 ku Gaza malinga ndi unduna wa zaumoyo wa kumeneko, ndipo odwala ndi ovulala zikwizikwi anatsala pamndandanda wodikira kutuluka. Ku West Bank zilolezo za antchito oposa 100,000 zinaimitsidwa nthawi imodzi, mabanja n'kusowa pogwira. Israel inayamba kufuna antchito kumaiko ena, ndipo mu Novembala 2023 achinyamata 221 a ku Malawi ananyamuka pa ndege kukagwira ntchito m'mafamu a kumeneko. Polowera m'midzi yambiri ya Apalestina panaikidwa mageti atsopano achitsulo, oti msilikali mmodzi angathe kutsekera mudzi wonse ndi loko mmodzi. Pa 19 Julayi 2024 khoti la ku The Hague linanena kuti kukhalabe kwa Israel m'madera olandidwawa n'kosemphana ndi malamulo ndipo kuthe msanga. Ofesi ya United Nations ya OCHA inawerenga zotchinga misewu 645 ku West Bank kumayambiriro kwa 2023. Itawerenganso kumayambiriro kwa 2025 inapeza 849, m'dera locheperapo kuposa boma la Lilongwe.